Chenjerani ndi mankhwala a Ayurveda ochizira chifuwa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa mankhwala azitsamba a ku India, a Ayurveda, omwe amatsatsidwa pa intaneti kuti amachiza chifuwa ndi mphumu.

Sindikunyoza nzeru za makolo a anzathuwa ayi. Boma la India lidakhazikitsa unduna wa AYUSH mu 2014 woyang'anira zimenezi, ndipo zitsamba zina n'zothandizadi. Masamba a chitsamba chotchedwa vasaka, amene asing'anga akumeneko amawiritsa kuti athandize kuchotsa makhololo, ndi amene adatsegulira njira akatswiri kupanga bromhexine, mankhwala a chifuwa opezeka m'mafamase.

Chondidetsa nkhawa ndi gulu lina la mankhwalawa lotchedwa rasa shastra, lomwe amasakaniza dala zitsamba ndi miyala komanso zitsulo zowotcha mpaka kukhala phulusa. Mu 2004, ofufuza a ku Boston adayeza mitundu 70 ya mankhwala a Ayurveda ogulidwa m'masitolo akumeneko, ndipo 14 idapezeka ndi zinthu zapoizoni, zomwe ndi mtovu, mercury kapena arsenic. Umodzi mwa isanu iliyonse! Mtovu sufulumira kudzionetsa. Umaunjikana m'thupi pang'onopang'ono, munthu n'kumamva m'mimba kupota, magazi kuchepa, impso kuonongeka. Kwa mwana umaononga ubongo, ndipo mayi woyembekezera amaupatsira kwa khanda lili m'mimba. Kabotoloko kakhoza kulembedwa kuti n'zachilengedwe, koma osatchula zitsulo zili m'katimo.

Chinanso, amene wakhosomola milungu iwiri, akutuluka thukuta usiku ndi kuonda, asataye nthawi ndi ufa wa m'kapaketi. Akayezetse makhololo, poti m'zipatala za boma kuyeza ndi kulandira mankhwala a TB n'kwaulere.

Wowerenga wanu wokhudzidwa,
Zomba