Maloboti anzeru ndi abwino, koma tiyambe takonza magetsi ndi poimira minibasi

A Mkonzi,

Mzere wa magalimoto ukatalika pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe kapena pa msewu wa M1 polowera ku Kanengo, anthu amati mankhwala ake ndi maloboti anzeru, aja amene amawerenga okha magalimoto n'kumasintha nthawi ya nyali. Ndikuvomereza kuti amathandiza, koma tidziwiretu zimene tikugula.

Loboti wamba amatsata nthawi imene anamutchera, nthawi zambiri masekondi 60 mpaka 120 kuti mbali zonse zilandire nyali yobiriwira, kaya kuli galimoto kaya kulibe. Wanzeru amaona mbali yodzaza n'kuiwonjezera masekondi, ndipo maloboti oyandikana akalumikizidwa, woyendetsa amadutsa mphambano zingapo osaima. Mafuta otha galimoto ili chiimire amachepa, ndipo ambulansi yothamangira ku Kamuzu Central ikhoza kutseguliridwa njira. Ku Sydney anayamba njira yotere, yotchedwa SCATS, m'zaka za m'ma 1970.

Maso a loboti ndiwo amavuta. Njira yakale ndi kucheka phula n'kuyalamo waya wozunguliza, amene amamva chitsulo cha galimoto ikaima pamwamba pake. Phula likang'ambika ndi mvula, kapena okumba mapaipi a madzi akadutsapo, waya waduka, loboti wachita khungu. Komanso waya ameneyu nthawi zina saimva njinga yakapalasa, pamene kuno akabaza ndi ochuluka zedi. Kamera imaona zambiri, koma fumbi la Okutobala likamata pagalasi imawerenga zolakwika, ndiye pamafunika munthu wokwera kukapukuta kawirikawiri.

Ndiye pali magetsi. Akazima, nzeru zonse zija zathera pomwepo, wapolisi n'kubwerera pakati pa msewu ndi mluzu wake. Mphambano iliyonse imafuna nyali za LED, sola, mabatire ndi bokosi lachitsulo lokhoma bwino, poti batire ndi katundu amene akuba amamufuna kwambiri. Mabatirewo amafookanso pakapita zaka zochepa. Pafupifupi zida zonse zimagulidwa kunja ndi madola, pamodzi ndi laisensi ya pulogalamu yoyendetsera. Kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chida chilichonse chotere unakwera tsiku lomwelo. Khonsolo ikangowerengera ndalama zogulira, osawerengera zokonzera chaka ndi chaka, tidzatsala ndi mizati yozima.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti loboti sangachotse minibasi imene yaima pakamwa pa mphambano kudikira kuti idzaze. Mpata umodzi wa msewu umadutsitsa magalimoto pafupifupi 1,800 pa ola nyali ikakhala yobiriwira. Pa msewu wa mipata iwiri, minibasi imodzi ikatseka umodzi, theka lapita, kompyuta ichenjere chotani. Sitingawanene madalaivala okha, chifukwa m'malo ambiri poti apatukire palibe.

N'chimodzimodzi ndi kulipira basi ndi khadi m'malo mwa ndalama ya m'manja. Ku Kigali khadi yotchedwa Tap&Go inagwira chifukwa mabasi anali m'manja mwa makampani ochepa. Ku Nairobi khadi ya BebaPay inayamba mu 2013 n'kutha mu 2015, makondakitala ataikana poti amadyera pa ndalama ya m'manja. Minibasi za ku Area 25 ndi ku Likuni zikufanana ndi za ku Nairobi, choncho Airtel Money ndi Mpamba zilowe eni minibasi ndi makondakitala atagwirizana kaye za malipiro.

Ndikupempha khonsolo ya mzinda ndi a Roads Authority kuti asankhe mphambano zitatu kapena zinayi zotsatizana. Awerenge magalimoto, njinga ndi oyenda pansi mphindi 15 zilizonse kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo kwa sabata yathunthu. Ajambule mizere, amange poimira minibasi patali ndi mphambano, kenaka aike malobotiwo. M'mgwirizano ndi wogulitsa mulembedwe kuti aphunzitsa amisiri athu ndipo asiya zida zosinthira m'nkhokwe ya khonsolo.

Wokhudzidwa,
Area 18, Lilongwe