Za mazira ako a mu microwave

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tonse tili bwino, ndipo bambo ako mwendo uja wasiya kutupa. Unandiuza kuti ukaweruka kuntchito ya usiku umangoswera dzira m'kachiwiya kapulasitiki kaja, kofanana ndi kamene unanditumizira, n'kuika mu microwave. Pa foni sindinafune kuchulutsa gaga m'diwa poti netiweki imadukaduka, n'chifukwa chake ndalemba.

Ndakondwa kuti ukudya. Tiyi ndi buledi wouma sizingasunge munthu woyembekezera amene amachezera usiku wonse akunyamula okalamba. Dzira limodzi lili ndi zomanga thupi pafupifupi magalamu 6, ndipo pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene tinkaphunzitsa amayi kusikelo, dzira lili m'gulu la zanyama. Agogo ako akanamva kuti mayi wapakati akudya mazira akanagwira pakamwa, ankati mwana adzabadwa wadazi. Ine pa unamwino wanga ndinalandira makanda atsitsi ndi opanda tsitsi kwa amayi odya mazira ndi osadya omwe. Idya ndithu.

Koma dzira ndi microwave sizigwirizana kwenikweni, ndipo ndikufuna umvetse chifukwa chake. Mbaula imatenthetsa poto kuchokera pansi, kutentha n'kumalowa m'chakudya pang'onopang'ono. Microwave imagwedeza madzi amene ali m'chakudyamo, ndiye kutentha kumayambira m'katimo, komanso mosafanana: pena patentha kwambiri, pena pakadali pozizira. Tsono chachikasu cha dzira chinakutidwa ndi kakhungu kopyapyala. Madzi a m'menemo akafika posanduka nthunzi amasowa potulukira, mapeto ake n'kuphulika. Likaphulikira mu microwave momwemo ndiye mwayi, ungovutika n'kupukuta. Choopsa n'chakuti nthawi zina limadikira. Walitulutsa, waika patebulo, waweramirapo, ukangolikhudza ndi foloko basi phuu! kumaso. Anthu apsa nazo zikope ndi milomo chifukwa cha dzira limodzi lokha.

Ndiye uzichita chonchi. Paka majarini pang'ono m'kachipinda ka kachiwiyako kuti dzira lisamatirire. Thiramo madzi monga mwa muyeso wolembedwa pa katoni yake. Madziwo usawaiwale, ndi amene amachititsa kuti dzira lipse mofewa. Swera dziralo mosamala, kenako tenga kamtengo kotokosera m'mano ubaye chachikasucho kawiri, ubayenso choyeracho malo angapo. Usaope kuti chimwazika, kabowo kake n'kochepa zedi, koma n'kokwanira kutulutsa nthunzi. Vundikira, ndipo uonetsetse kuti timabowo ta pachivundikiro sitinatsekeke ndi zotsalira za dzulo.

Pa mphamvu ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa chifukwa cha changu. Ma microwave a m'nyumba ambiri amakhala a mawati 700 mpaka 1,000, ndipo nambalayo imalembedwa pa kapepala komata kumbuyo kapena m'mbali mwa chitseko. Yako ikhoza kusiyana ndi yanga, choncho masekondi anga si ako. Chepetsa mphamvu ifike pakatikati, uyambe ndi masekondi 30, uyang'ane, kenako uziwonjezera masekondi 10 mpaka choyeracho chitagwirana. Dzira silifuna kutentha kwambiri. Choyera chimayamba kulimba pa madigiri a m'ma 60, chachikasu chimalimba chikamayandikira 70, pamene madzi amawira pa 100. Ukangopitiriza pang'ono, udya chinthu chokokeka ngati mphira ya legeni.

Ikalira kuti yatha, usathamangire kutsegula. Lisiye momwemo pafupifupi mphindi imodzi, likumapitirira kupsa lokha ndipo nthunzi ikuchepa. Potsegula chivundikiro nkhope ikhale kutali, nthunziyo ilowere uko. Tsanula madzi otsalawo, mchere uthire pamapeto.

Dzira losaswa, lachigoba chake, lisalowe mu microwave ngakhale utachedwa basi. Dzira lowiritsa kale nalonso usalitenthetse lathunthu, ngakhale utalisenda. Liduledule kaye, apo ayi ulidye lozizira. Chitsulo, foyilo ndi makapu aja okhala ndi mzere wagolide m'mphepete, zimenezo ukudziwa kale kuti zimathetheka moto. Kachiwiyako kakayamba kung'aluka kapena kupindika, kataye. Kunena zoona kalibe matsenga aliwonse: kapu yadothi yokhala ndi madzi theka, sosala pamwamba, zimagwira ntchito yomweyo. Ubwino wake n'ngwakuti kamaphika awiri nthawi imodzi ndipo dzira limatuluka lozungulira bwino, lokwana pa buledi. Bambo ako amati chimenecho si chakudya popeza mulibe tomato ndi anyezi, koma mbale amabweza yoyera.

Tsopano za chachikasu chamadzimadzi chimene umachikonda. Vuto la dzira losapsa ndi tizilombo ta salmonella, timene timayambitsa kutsegula m'mimba, kusanza ndi kutentha thupi, ndipo mayi wapakati akataya madzi m'thupi zimavuta msanga. Kumeneko ku Britain, mu 2017 a Food Standards Agency, bungwe la boma loona za ukhondo wa zakudya, analengeza kuti amayi oyembekezera, makanda ndi okalamba akhoza kudya mazira osapsetsa ngati ali ndi chidindo chofiira cha mkango pachigoba, chifukwa nkhuku zoikira mazirawo zimalandira katemera wa salmonella. Choncho uziyang'ana mkangowo pa dzira lenilenilo usanaswe. La kumunda kwa munthu lopanda chidindo, kapena la bakha, uliphike mpaka chachikasu chilimbe. Ngakhale lili ndi mkango, choyera chisakhale chonanda, popeza microwave imasiya malo ena osapsa. Ukadzabwera kuno ndi mwana, mazira a pamsika kapena a nkhuku zathu zachikuda tidzawawiritsa mpaka gwa, za mkango kuno kulibe.

Dzira latsopano ndi limene limapsa mogwirana bwino. Ukalikayikira, liike m'kapu ya madzi: latsopano limamira n'kugona pansi, lokhalitsa limaimirira, ndipo loyandama usalidye. Pambali pake uikepo peyala kapena tomato, ngakhale ndamva kuti mapeyala kumeneko amagulitsa limodzilimodzi pa mtengo woti kuno ungagule dengu.

Amuna ako uwawerengere kalatayi, makamaka pa zobaya chachikasu ndi zodikira mphindi imodzi, chifukwa mimba ikakula ndi iwo amene azikuphikira m'mawa. Uwapatse moni, ndipo undiuze tsiku limene azamba akupatsa lopitanso kusikelo.

Ndine,
Mayi ako