Kalata kwa achemwali anga ku Johannesburg

Achemwali,

Pepani kuti ndachedwa kuyankha uthenga wanu. Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi ana? Kuno ku Mangochi tilipo, koma dzuwa la Okutobala mukulidziwa kale. Lero akwana masabata asanu chindipangireni opaleshoni ya bondo ku Blantyre. Popeza mwati nanunso adokotala akufuna kukuikani bondo lachitsulo chifukwa cha nyamakazi yanu ija, ndati ndikuuzeni za usiku, chifukwa ndi umene unandipeza ndisanakonzeke.

Masana ululu umapiririka. Anthu amabwera kudzazonda, ndimachita mafizo, ndimayenda ndi ndodo mpaka pa mtengo wa mango n'kubwerera. Koma nyumba ikangoti zii cha m'ma 11 koloko, bondo limayamba kugunda ngati lili ndi mtima wakewake. Limatupa, limatentha, ndipo m'neti simulowa kamphepo. Moyo wanga wonse ndakhala ndikugona chammbali, ndiye kugona chagada kunali chilango pachokha. Masabata awiri oyamba sindinagonepo maola awiri otsatizana. Ndinkangomvetsera agalu, magalimoto odutsa pa mlatho wa Shire, mpaka mwazini akuitana kumzikiti m'bandakucha. Usiku wina ndinalira, achemwali, ndikudzifunsa chimene ndinavomerera opaleshoniyi. Sindinadzutse munthu, ndinangodziphimba chitenje kumaso.

Ndinalakwitsa zinthu ziwiri, inu musazibwereze. Ndinkaika pilo pansi pa bondo chifukwa ululu unkachepako. Wa mafizo atamva anandiletsa tsiku lomwelo. Bondo likazolowera kugona lopindika limauma choncho, ndipo kudzaliwongola kumavuta, munthu n'kutsala wotsimphina. Pilo amaikidwa kunsi kwa chidendene kuti mwendo ukwere m'mwamba uli chiwongokere. Kumapweteka ndithu, koma kutupa kumatsika.

China, ndinkadikira kuti ululu ufike povuta ndisanamwe mankhwala, poganiza kuti kupirira ndi kulimba mtima. Ululu ukakula, mapiritsi amachedwa kuugonjetsa. Tsopano ndimamwa pa nthawi yake: Panado awiri a 500 mg, osapitirira asanu ndi atatu pa tsiku, ndipo omaliza ndimawasungira nthawi yogona. Tramadol amene anandipatsa poyamba ankathandiza, koma anandichititsa nseru ndi kudzimbidwa kwa masiku anayi. Mapapaya, therere ndi madzi ambiri ndi zimene zinandimasula. Burufeni anandiletsa chifukwa cha zilonda za m'mimba, choncho inu muwauze adokotala matenda anu onse, ndi BP yomwe.

Chimene chandithandiza kwambiri ndi ayisi. Ndimamukulunga m'chitenje n'kuika pabondo mphindi 20 ndisanalowe m'neti, osamugunditsa pakhungu. Magetsi akazima, mdzukulu wanga amakwera njinga kukagula chibuluma kwa ogulitsa nsomba. Chipinda chimanunkha chambo usiku wonse, koma bondo limazizira, tulo n'kubwera. Tiyi wamadzulo ndasiya, ndipo masana ndimagona kanthawi kochepa chabe.

Za kuchimbudzi palibe amene amazitchula, koma ndi nkhani yaikulu. Kunjuta sikutheka. Kalipentala wina anandikhomera mpando wautali woboola pakati, wokhala ndi pogwira mbali zonse ziwiri. Pamkeka sindikhalanso, kutchalitchi sindinayambe kugwada. Kunja kwa chipsera kuli dzanzi, ndipo ndikamayenda bondo limalira kuti ke ke. Anandiuza kuti zimenezi zimachitika, ndisade nkhawa. Choopsa ndi magazi kuundana m'mitsempha: katumba wa mwendo akatupa n'kumapweteka, kapena mpweya ukayamba kubanika, muthamangire kuchipatala ngakhale pakati pa usiku. N'chifukwa chake amapereka mankhwala oletsa kuundanako, ndipo amati tizigwedeza mapazi pafupipafupi ngakhale tili pabedi.

Ulusi anachotsa patatha masabata awiri. Bondo tsopano likupindika kupitirira madigiri 90, ndipo wa mafizo wandilola kugona chammbali nditaika pilo pakati pa miyendo. Dzulo ndinagona 10 koloko n'kudzidzimuka 3 koloko. Maola asanu athunthu! Ndinayamika Mulungu mokweza mpaka mwana wanga anathamangira kuchipinda kuyesa ndagwa. Akuti tulo timatha kuvuta mpaka miyezi itatu, ndiye sindikudzinamiza kuti zatha, koma ululu wakale uja wa mafupa kukhulana sindikuumvanso.

Chondidetsa nkhawa n'choti kumeneko mumakhala nokha ana akapita kuntchito, ndipo wina mwati amagwira ya usiku. Pezani munthu woti azigona nanu m'chipinda masabata awiri oyambawo, woti akugwireni dzanja podzuka ndi kukutengerani madzi. Akakupatsani tsiku mundiuze. Usiku tulo tikakana, imbani pa WhatsApp osaopa kuti mundidzutsa, foni imagona pambali pa pilo.

Mupereke moni kwa ana onse.

Ndine mnzanu wa ku Mangochi