Chigalimoto chija chalira, amwene

Wokondedwa amwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti zala zanga zatha ndi zipsera, ndipo m'zikhadabo muno gilizi wakana kutuluka ngakhale ndisambe motani. Pepani kuti ndakhala duu nthawi yaitali chonchi. Masiku onsewa ndinali kunsi kwa galimoto, chagada, dzimbiri likundigwera m'maso.

Mukukumbuka chithunzi ndinakutumizirani chija, cha chigalimoto chobiriwira chili m'shedi, matayala onse ataphwa, nkhuku itaikira mazira pampando wa dalaivala? Munangoyankha mawu awiri: "Mwapenga kodi?" Ndiye Loweruka lapitali chalira, ndipo chatuluka pageti popanda wochikankha.

Poti munaseka musanamve kuti ndi galimoto yanji, lero mumva, mufune musafune. Ndi Land Rover ya mtundu wa Series IIA, ya 1966, yaitali ija imene amaitcha 109 chifukwa kuchokera pa tayala lakutsogolo kufika pa lakumbuyo pali mainchesi 109. Koma si Land Rover wamba. Itachoka ku fakitale ya ku Solihull, ku England, inapita ku Folkestone, m'chigawo cha Kent, ku kampani ya Martin Walter, komwe anaiboola denga n'kuisandutsa kanyumba koyenda. Zoterezi ankazitcha Dormobile. Kampani imeneyi ndi yakale kuposa galimoto ina iliyonse ya petulo padziko lapansi: inayamba mu 1773, ikusoka zingwe zachikopa zomangira akavalo. Kenako inayamba kukhoma ngolo, kenako mabodi a galimoto, ndipo m'zaka za m'ma 1950 inatchuka ndi timabasi ta Bedford CA tokhala ndi mipando yosanduka mabedi. Nzeru yomweyo ndi imene anadzaisamutsira pa Land Rover kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, kuti munthu azitha kugona kumene msewu wathera, osati kumene kuli hotelo.

Tsiku loyamba kuiona ndinanyengeka ngati mwana. Ndinapukuta fumbi pachitseko ndi dzanja, utoto n'kuonekera, bodi yonse yosadyeka paliponse. Ndinati kumtima, iyi ndi ntchito ya mwezi umodzi basi. Mdala mwini shedi anangondiyang'ana, n'kundipatsa hamala yaing'ono, amvekere: "Lowani kunsiko mukagogode." Ndinalowa. Nditagogoda chitsulo chopingasa chakumbuyo, hamala inangolowa yonse, zidutswa zofiira zili wayawaya kumaso kwanga. Chikomekome cha mkuyu, amwene, m'kati muli nyerere.

Chinyengo chimenechi chili ndi mbiri yake, ndipo ndi mbiri ya Land Rover yeniyeniyo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ku Britain chitsulo chinkagawidwa mwa muyeso, ndipo kampani ya Rover inalibe chokwanira. Maurice Wilks, yemwe anali mkulu wa akatswiri okonza mapulani a galimoto kumeneko, anali ndi Jeep ya asilikali a ku America imene ankagwiritsa ntchito pa famu yake ku chilumba cha Anglesey. Amati mu 1947 anajambula maonekedwe a galimoto yatsopano pamchenga ku gombe la Red Wharf Bay, akufotokozera mkulu wake Spencer, amene ankayendetsa kampaniyo. Pofuna kupulumutsa chitsulo, bodi anaipanga ndi aluminiyamu wosakaniza wotchedwa Birmabright, chitsulo n'kuchisiyira chasisi, mafupa a kunsi onyamula galimoto yonse, ndi chikhoma chimene chimalekanitsa injini ndi anthu. Galimotoyo anaionetsa koyamba ku Amsterdam pa 30 Epulo 1948. Ankaganiza kuti ingowadyetsa zaka zochepa podikira kuti zinthu zibwerere m'malo, koma mbadwa zake zinapitirira kutuluka ku Solihull mpaka Januwale 2016. Ndiye taonani: umphawi wa chitsulo wa nthawi imeneyo ndi umene wasunga nkhope ya galimoto yangayi, pomwe mafupa ake, opangidwa ndi chitsulo chimene ankachilirira chija, anali ataola. Ndipo pomwe aluminiyamu wagundana ndi chitsulo madzi n'kulowapo, pamatuluka ufa woyera, aluminiyamuyo n'kumadyeka mozungulira bauti. Zitseko zonse m'munsi zinali choncho.

Tinaikweza pa lole, chifukwa mabuleki anali atagwira ndipo tayala limodzi linkangokhukhuluzika.

Miyezi itatu yoyamba sindinamange kanthu, ndinkangomasula. Apa m'pamene ndinaphunzira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Bauti imene yakhala zaka zoposa makumi asanu osagwedezeka siimva ukali wa munthu. Umaithira mafuta olowerera madzulo, mawa umaiwotcha pang'ono, umaigogoda, umaithiranso, mwina tsiku lachitatu imavomera. Ukapsa mtima imaduka, ndiye ntchito ya mphindi zisanu yasanduka ya tsiku lathunthu ndi chiboolero. Masipanala anga a mamilimita analibe ntchito. Galimotoyi ndi ya mainchesi, ndipo mabauti ena, makamaka a pa giyabokisi, ndi a muyeso wakale wa Whitworth, moti ndinachita kusakasaka masipanala ake. Chilichonse chimene ndamasula ndinkachiika m'kathumba n'kulembapo, ndipo ndinkajambula ndi foni ndisanakhudze. Ulendo umodzi ndinachita ulesi osajambula mmene ndodo za handibuleki zinalumikizirana. Ndinalipira ndi masiku awiri.

Za chasisi ndinalimbana nazo mumtima kwa nthawi. Wowotcherera wina anati angathe kuchiphatika zigamba. Ndinamufunsa kuti zigambazo aziwotcherera pa chiyani, poti paliponse tikapala timapeza bowo. Mapeto ake ndinagula chatsopano, chomizidwa mu zinki kuti dzimbiri lisachipeze msanga. Ena okonda galimoto zakale amanyinyirika ndi zoterezi, amati ukasintha chasisi ndiye kuti wapanga galimoto ina. Ine ndimawamva, koma pachasisi pamakhala masipuling'i, chiwongolero ndi moyo wa ana anga. Chakalecho sindinataye chonse. Ndinadula kachigawo kakutsogolo kamene panadindidwa nambala, kali pakhoma m'galaja. Ndalembanso kalata ku British Motor Museum ku Gaydon, komwe amasunga mabuku a fakitale, kuti andiuze tsiku limene inatuluka. Ndikudikira yankho.

Tsiku lonyamula bodi kuchoka pa chasisi chakale tinalipo anthu asanu ndi mmodzi, ndipo wina anakumbutsa kuti mutu umodzi susenza denga. Tinaseka mpaka tinatsala pang'ono kuigwetsa, chifukwa apa dengalo linali lenileni.

Injini ndiyo inandichititsa manyazi, m'njira yabwino. Ndi ya petulo, ya masilinda anayi, 2286 cc, yolemera ngati tchimo. Inali itagwira, osatembenuka ngakhale pang'ono. Ndinachotsa mapulagi, n'kuthira dizilo wosakaniza ndi oilo m'mabowo onse anayi, ndipo m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinkalowetsa chogwirira chija cholizira ndi manja, chimene chimadutsa pabowo la m'bampala, n'kutsamirapo pang'ono. Sabata yoyamba zii. Yachiwiri zii. Tsiku lina m'sabata yachitatu ndinamva kuti nyee, chasuntha ngati kunenepa kwa chala. Ndinakuwa ndekha m'galaja, mayi a kunyumba n'kuthamangira kuganiza kuti jeke yandigwera. Titatsegula tinapeza kuti mapisitoni ali bwino. Tinangosintha malingi, tinapera mavavu, tinatsuka kabureta imene m'kati mwake petulo wakale anali atauma ngati ulimbo. Za magetsi ndikuchenjezeni, mwina mudzakumana nazo: za chaka chimenechi waya wa batire wopita ku bodi ndi wa pozitivi, mosiyana ndi galimoto za masiku ano. Mnyamata wina wondithandiza anafuna kulumikiza mmene anazolowera, ndinachita kumugwira dzanja. Mawaya onse ndinasintha, poti makoswe anali atadya theka.

Pa mabuleki sindinanyengerere kanthu. Mapaipi, timasilinda ta m'mawilo, mashuzi, zonse zatsopano. Dongosolo lake ndi la njira imodzi: paipi imodzi ikangoboola, mabuleki a matayala onse anayi apita limodzi.

Koma chimene ndikufuna mudzachione ndi maso anu ndi dengalo. Ndi la faibala, lili ndi mahinjesi mbali imodzi m'litali mwake. Ukamasula zokowera n'kukankha, limatseguka chammbali ngati chivundikiro cha bokosi, nsalu ya mizeremizere n'kutambasuka kutseka mpatawo, ndipo munthu wamtali ngati inu amaimirira m'katimo osawerama. M'mwambamo muli timabedi tiwiri ta nsalu yokungidwa pa mapaipi, timene umatipinda masana. Pansi, mipando imene Martin Walter ankaitcha Dormatic imagona n'kukhala malo a anthu awiri ena. Kumbuyo kuli kambaula ka gasi, kasinki, kakabati kopachikamo zovala, ndi katebulo kopinda. Anthu anayi kugona, kuphika ndi kusamba m'manja m'galimoto imene ingathe kuwoloka mtsinje! Panalinso kampani ina, ya Searle ku Sunbury-on-Thames, imene inkapanga zofanana nazo zotchedwa Carawagon, denga lake lokwera mopindika ngati uta. 

Nsalu yakaleyo inangoyoyoka titaigwira, ndipo pakona pena mavu anali atamanga. Tinaiyala pansi mosamala ngati mapu, telala n'kudulira yatsopano pomwepo. Paipi ya gasi ndinaika yatsopano, ndipo lamulo langa ndi lakuti mbaula siyaka denga lili chotseka kapena mawindo ali otseka, chifukwa mpweya umene umapha m'malo otsekeka sununkha.

Tsono pali nkhani imene tinakangana ndi aliyense, ndipo ndikudziwa kuti nanunso mukanakhala kuno mukanakhala mbali yawo. Onse amati ndiipope utoto watsopano iwale. Ndakana. Ndaitsuka, ndaipaka polishi, basi. Pa phiko lakumanzere pali chibonyongo chachikulu, ndipo pachitseko chakumbuyo pali mabala a timapepala tomata ta malo amene eni ake akale anafikako. Zolembazo zinafufutika, kwangotsala mithunzi yake, wina wozungulira, wina wa makona atatu. M'kabati ndinapezamo mizere ya pensulo, inayi, yokwererana, pambali pake pali zaka: wina ankayeza msinkhu wa mwana wake ulendo ndi ulendo. Ndani angapake utoto pamenepo? Chimene chimanyamula moyo wa munthu ndasintha popanda chisoni. Chimene chimangonyamula nkhani ndachisiya mmene ndinachipezera.

Sindine ndekha woganiza choncho. Mu Seputembala 1955 anyamata asanu ndi mmodzi a ku mayunivesite a Oxford ndi Cambridge ananyamuka ku London pa ma Land Rover awiri a Series I, n'kukafika ku Singapore mu Malichi 1956. Imodzi mwa galimotozo, imene ankaitcha Oxford, inadzathera pa chilumba cha St Helena pakati pa nyanja ya Atlantic, itaphwasuka. Mu 2017 munthu wina wa ku Yorkshire anakaitenga n'kuidzutsa, osaichotsera zipsera zake, ndipo mu 2019 inayendanso ulendo uja chobwerera, kuchoka ku Singapore mpaka ku London. Usiku umene bauti yaduka ndipo ndikufuna kugulitsa zonse kwa ogula zitsulo, ndinkakumbuka imeneyo. Yangayi sinachoke pa chilumba, inangochoka kwa nkhuku.

Kayendedwe kake musayembekezere zambiri. Chiwongolero n'cholimba galimoto ikaima, ndipo ikamayenda umangochiweta uku ndi uku ngati ukulondolera ng'ombe. Giya yoyamba ndi yachiwiri zilibe zofewetsera, ndiye potsika giya umaponda klatchi, kuika fili, kuisiya, kupatsa moto pang'ono, kupondanso, kenako n'kulowetsa. Ukaphonya, msewu wonse umamva. Pa makilomita 80 pa ola phokoso limakhala loti kucheza n'kukuwirana. Mawaipa ali ndi kamota kakekake aliyense, moti amayenda mosagwirizana ngati anthu okwiyitsana. Koma Loweruka lija nditafika pa chitunda cha matope kuseri kwa famu, ndinaima, n'kukokera kumbuyo ndodo ya mutu wofiira ija, imene imalowetsa magiya amphamvu ndi matayala onse anayi. Ndinachotsa phazi pa klatchi osapatsa moto n'komwe. Inangoti gudugudu, n'kukwera pang'onopang'ono ngati kamba, osaterereka. Mdala wa shedi uja ndinamutenga, anali pambali panga. Sananene kanthu mpaka pamwamba, kenako anatsegula kachitseko ka mphepo ka pansi pa galasi, n'kunena kuti fungo lake ndi lomwe lija.

Zatsala n'zambiri. Difu yakumbuyo, bokosi la magiya la pakati pa matayala akumbuyo, ikudontha oilo, geji ya petulo imanama, ndipo chitseko cha dalaivala chimatseguka chokha pa mabampu, moti pakali pano ndikuchimanga ndi chingwe. Sindinagonemo usiku ndi umodzi womwe. Ana akundivutitsa tsiku ndi tsiku, koma ndawauza kuti tidikire mvula ithe.

Paja munati mubwera chaka chamawa. Ndiuzeni mwezi wake msanga kuti ndikonzeretu tchuti. Ndayeza kabedi kam'mwamba ndi tepi, ndipo mapazi anu adzatulukira kunja pang'ono, choncho inu mudzagona pansi, ine ndidzakwera. Mukamabwera mundigulireko sipanala ya Whitworth ya 5/16 ngati mungaipeze kumeneko. Yanga inagwera m'kati mwa chasisi chatsopano ndipo ndimaimva ikulira pokhota paliponse.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzanu uja munati wapenga.