Kuthokoza kwa madokotala ndi anamwino a Mercy James Centre

Kwa akuluakulu a Mercy James Centre,
Chipatala cha Queen Elizabeth, Blantyre.

Olemekezeka,

Ndine mayi wa ku Ngabu, m'boma la Chikwawa, ndipo ndikuthokoza chifukwa cha mwana wanga wamkazi wa zaka 9 amene munamuchita opaleshoni ya kummero.

Mwanayu ankati akameza nsima, imaima pachifuwa, kenako n'kubwerera momwe yalowera, yosagayika, yosawawasa. Usiku ankatsamwa ndi kutsokomola mpaka anadwala chibayo. Thupi linatha. Kumudzi ena ankati walodzedwa, ena ankati n'kudyera maso. Achipatala cha boma kwathu ndi amene anatitumiza kwa inu, nawonso ndikuwathokoza.

Chimene sindidzaiwala n'chakuti adokotala anandifunsa modekha za maonekedwe a zomwe mwana amabweza, ndipo anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Atamumwetsa madzi oyera a barium, othandiza kuti njira ya chakudya ioneke pa chithunzi, n'kumujambula, anandiitana kuti ndione ndekha: njira ya chakudya yatukumuka kumtunda, koma kumunsi yathina ngati mlomo wa mbalame. Anati matendawa ndi achalasia, sapezekapezeka mwa ana, ndipo amabwera mitsempha ya pamenepo ikawonongeka, mnofu wa pakhomo la chifu n'kumakana kutseguka. Anatsindika kuti si chifukwa cha chakudya chimene ndinkamupatsa. Mawu amenewa ananditula katundu, pakuti mayi mwana akamaonda anthu amayang'ana iwe.

Opaleshoniyo, ya Heller, anandifotokozera ndisanasaine: amadula mnofu wothinawo osaboola mkati mwa njira, n'kukulungirako mbali ya chifu kuti zam'mimba zisamakwere. Sanandinamize kuti zonse zatha. Kummero kwake sikudzakankha chakudya ngati kwa anzake, choncho azitafuna bwino, azitsitsira madzi, asamagone atangodya, ndipo tikaona chilungulira kapena kuvutikanso kumeza tibwere msanga.

Anamwino inu, Mulungu akudalitseni. Mmodzi wa inu ankalankhula Chisena ndi agogo ake a mwanayu, amene ankaopa kwambiri mpeni, mpaka mtima wawo unakhala pansi.

Pano anachoka pa phala, akudya nsima ya mapira ndi mlamba, ndipo wabwerera kusukulu. Pempho langa n'lakuti zizindikiro zimenezi muziwauzanso azaumoyo a kuno kuchigwa, ku Nsanje ndi Chikwawa, kuti mwana wina akwere mtunda wa Thabwa kubwera kwa inu ku Blantyre thupi lisanathe. Ife tsiku lodzamuonanso talisunga, tidzabwera ndi buku lake la kuchipatala.

Ine wanu,
Mayi wa ku Ngabu