Kalata kwa mwana wanga amene akufuna nyumba m'munsi mwa phiri

Domasi, Zomba

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti muli bwino nonse kumeneko, iwe, mpongozi wanga ndi adzukulu angawo. Kuno tadzuka bwino, kupatula mawondo a amayi ako amene amavuta kukazizira.

Nkhani imene unaiyamba Lamulungu lija tili pakhonde, yoti mukufuna kugulitsa nyumba ya ku Matawale kuti mukagule ina yaikulu ku Old Naisi, ku Mulunguzi kapena ku Kalimbuka, sindinaiyankhe mokwanira chifukwa panali alendo, ndipo za chuma cha banja sizikambidwa pagulu. Ndasankha kulemba kuti muwerengere limodzi ndi akazi ako mutakhala pansi. Ndiyambe ndi kunena kuti sindikutsutsa maganizo anuwo. Ana akukula, wamwamuna ndi wamkazi sangapitirize kugona chipinda chimodzi, ndipo munthu amene wagwira ntchito mokhulupirika ngati iwe ayenera kukhala pamalo pamene mtima wake ukondwera. Chimene chandidetsa nkhawa n'chakuti pamene unkafotokoza, unkatchula maina a madera ndi kukongola kwa mageti, koma sindinakumve ukutchula za dothi, za njira ya madzi kapena za mapepala. Ine ndinakhala kapitawo wa zomangamanga zaka zoposa 30 mumzinda uno, ndinakwera m'madenga ndi kukumba ngalande m'madera onse atatuwo, choncho undilole ndikuuze zimene maso anga anaona.

Madera amenewa ndi okwera mtengo pa chifukwa chodziwika. Azungu atasankha Zomba kukhala likulu la boma lawo mu 1891, anakhazikika m'mbali mwa phiri momwe muli mphepo yozizira ndi madzi osaphwa, ndipo nyumba ya Masongola, imene inamangidwa mu 1886, idakalipo mpaka lero ngati mboni. Kuyambira nthawi imeneyo akuluakulu a boma ankapatsidwa mapuloti aakulu okhala ndi mitengo cha kumtunda, anthu wamba n'kumakhala kumunsi. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma yunivesite inali itafika kale ku Chirunga, ndipo aphunzitsi ake ndi ena audindo anapitiriza kufuna nyumba zomwezo. Ndiye ukamva mtengo wa nyumba kumeneko, udziwe kuti gawo lina la ndalamazo ukulipirira mbiri ya dera, ndipo mbiriyo siitseka denga lodontha.

Phiri lomwe limakongoletsa maderawo ndi limenenso limawavutitsa. Ndi lalitali mamita oposa 2,000, limakoka mvula yambiri, ndipo madzi otsikira mbali ya mzinda amadzera pakhomo pa anthu asanafike mu mtsinje wa Likangala. Agogo ako ankasimba za Napolo wa mu Disembala 1946, pamene dothi ndi miyala zinatsetsereka kuchokera m'phirimo, milatho n'kukokoloka, anthu n'kutaya miyoyo. Iwe wekha unaona zimene namondwe wa Freddy anachita m'chigawo chino cha kummwera mu Malichi 2023. Pa chifukwa chimenechi ndikupempha chinthu chimodzi chimene ndikufuna uchigwiritse kuposa zonse za m'kalata muno: usapereke ndalama pa nyumba ya mu Zomba imene waiona m'chilimwe chokha. Mu Okutobala nyumba iliyonse imaoneka youma ndi yaukhondo. Ukaione mu Januwale kapena mu Febuluwale, mvula itagwa masiku awiri kapena atatu otsatizana, uvale magambutsi, uzungulire kuseri ndi kutsata kumene madzi akuchokera ndi kumene akupita.

Ndiyambe ndi Old Naisi chifukwa ndinaona kuti mtima wako wakomera kumeneko. Ndikuvomereza kuti n'kokongola. Kukacha bwino munthu umaona chigwa chonse mpaka ku nyanja ya Chilwa, ndipo tsiku lopanda nkhungu ngakhale phiri la Mulanje limaonekera. Komatu mapuloti ambiri kumeneko ali pamalo otsetsereka, ndipo kuti munthu amangepo amayenera kudula phiri mbali ina ndi kuthira dothi mbali inayo. Nyumba imene theka la maziko ake lakhala pa nthaka yolimba ndi theka lina pa dothi lothira siikhazikika mofanana, ndipo pakapita zaka umaona mng'alu woyenda mopingasa kuchokera pangodya ya zenera kutsikira pansi. Ming'alu yaing'ono ya pulasitala siindiopsa, koma umene watsata mizere ya njerwa ngati masitepe, wotakasuka kumwamba kuposa kumunsi, umenewo ukunena kuti maziko akuyenda. Ogulitsa ena amaumata ndi kupakapo penti, choncho ukaona chigamba chatsopano pakhoma lakale, ufunse chimene chabisika pamenepo.

Uyang'anitsitsenso khoma lotchinga dothi kuseri kwa nyumba. Liyenera kukhala ndi timabowo totulutsira madzi cha m'munsi mwake, ndi miyala yoyalidwa kumbuyo kwake kuti madzi asamaunjikane. Izi ndikuzinena ndi chisoni chifukwa zinandionekera ine mwini. Chaka chimene unabadwa iwe, ndinamanga khoma lotere panyumba imene tinkakhala, ndipo pofuna kupulumutsa ndalama ndi nthawi sindinaikemo timabowoto, ngakhale ndinkadziwa bwino ntchito yake. Linaima zaka ziwiri. Usiku wina mu Febuluwale tinamva chiphokoso ngati galimoto yagunda nyumba, ndipo titatuluka ndi nyali tinapeza khoma lonse lagwera pa khitchini ya panja, pamalo pomwe amayi ako ankakukhazika pamkeka masana akamaphika. Mbaula ndi mapoto zinali pansi pa matope ofika m'mawondo. Kuyambira tsiku limenelo sindinalolenso khoma lotere kumangidwa mosasamala pamaso panga, ndipo sindifuna kuti adzukulu anga agone pansi pa khoma limene sindinaliyese ndi dzanja langa.

Kumtundako ufunsenso anthu oyandikana nawo, osati wogulitsa, za mphamvu ya madzi m'mipope. Mzinda wathu unadalitsika ndi damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, ndipo madzi amatsika okha, koma nyumba imene ili pamwamba kwambiri siilandira mphamvu yofanana ndi ya kumunsi, ndipo mwina mungafunike thanki ndi pampu. Uonenso kamsewu kolowera pakhomo, ngati galimoto yako yaing'onoyo ingakwere m'matope, ndiponso uwerengere mafuta a ulendo wa kusukulu ndi kuntchito kawiri patsiku.

Ku Mulunguzi vuto lake ndi lina. Kuli mthunzi, kuli bata, ndipo nyumba zambiri zakale zinamangidwa ndi makoma ochindikala amene amisiri a masiku ano sawamanganso. Makoma amenewo ndimawakhulupirira, koma denga ndi zamkati sindizikhulupirira mpaka nditaziona. Chiswe chimadya phaso mkati n'kusiya khungu lakunja lili bwinobwino, moti mtengo umaoneka wamphumphu koma ukaubaya ndi msomali umalowa ngati m'chinangwa chophika. Ukakwere m'siling'i ndi tochi masana, uzimitse tochiyo kwa kanthawi, uone ngati kuwala kukulowa pa malata. Utsegule makabati a zovala ndi kununkhiza, pakuti fungo la chinyezi silibisika ndi penti, makamaka m'nyumba zoyandikira mtsinje. Mawaya a magetsi a zaka 50 zapitazo sanaikidwe kuti anyamule jiza, kuka, filiji ndi zina zimene mumagwiritsa ntchito lero, ndipo mapaipi achitsulo akale amachita dzimbiri mkati mpaka madzi kumangodontha. Nyumba zina zili ndi denga la asibesitosi, limene fumbi lake limawononga mapapo likamathyoledwa, kotero kulichotsa kumafuna anthu odziwa. Mitengo ikuluikulu imene imakukopayo mizu yake imalowa m'mapaipi a zonyansa ndi kutukula simenti ya pakhonde. Zonsezi zimakonzeka, koma uziwerengere mtengo wake usanagwirizane ndi mwini nyumba, ndipo ndalamayo ichotsedwe pa mtengo wogulira. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ine nyererezo ndinaziona m'nyumba zambiri zooneka bwino kunja.

Za Kalimbuka sindinena zambiri chifukwa ukukudziwa. Kuli pafupi ndi tauni, kumsika ndi kuchipatala chachikulu sikutalika, ndipo sukulu ya Sir Harry Johnston ili komweko ngati mudzafune ndi kukwanitsa kutumizako ana. Ukandifunsa maganizo anga, pa madera atatuwa ine ndingayambe kufufuza kumeneko, kenaka ku Mulunguzi, ndipo ku Old Naisi ndingapiteko pokhapokha nditapeza puloti yokhazikika bwino yokhala ndi ngalande zomangidwa ndi miyala. Komabe nyumba yabwino ya ku Old Naisi iposa nyumba yoipa ya ku Kalimbuka, choncho tidzaweruza nyumba iliyonse payokha.

Tsopano za mapepala. Nyumba zambiri m'madera amenewa zili pa malo a lizi, kawirikawiri ya zaka 99, ndipo uyenera kudziwa kuti zaka zotsala ndi zingati, komanso ngati renti ya malowo ndi msonkho wa ku khonsolo ya mzinda zinalipiridwa, chifukwa ngongole zimenezo zimatsalira pa nyumba ndipo zidzakupeza iwe. Upeze loya wako wekha, osati amene wakupezera wogulitsa, akafufuze ku maofesi a Unduna wa za Malo ngati dzina lili pa chikalata cha umwini ndi la munthu amene akugulitsayo, ndiponso ngati nyumbayo siinaperekedwe chikole kubanki. Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi nyumba za chuma cha masiye. Eni ake oyamba a nyumba zambiri zakalezo anatisiya, ndipo umapeza mwana mmodzi akugulitsa abale ake osadziwa, kapena mayi wamasiye asanavomere. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo wogulitsa ayenera kuonetsa chikalata chomupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Popanda chimenecho usapereke ngakhale tambala, ngakhale madobadoba akuuze kuti pali wina wochokera ku Blantyre amene akubwera ndi ndalama mawa. Mawu amenewo amauza aliyense. Miyala ya malire a puloti uione ndi maso ako, chifukwa mpanda suima nthawi zonse pamene pali malire enieni.

Za ndalama ndikhala wosabisa. Unaona kwacha ikuchepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu amene anagulitsa nyumba mwezi umodzi izi zisanachitike, n'kusunga ndalama kubanki akufunafuna ina, anadzuka m'mawa wina ndalama zake zisakukwananso ngakhale kugula nyumba yomwe anagulitsayo. Choncho musagulitse ya ku Matawale musanapeze inayo, mapepala ake atafufuzidwa ndi mtengo wake utalembedwa ndi kusainidwa. Ngati mukaonjezera ndi ngongole ya kubanki, uwerengere bwino: pa chiwongoladzanja cha 25 peresenti, ngongole ya K100 miliyoni imabala K25 miliyoni m'chaka choyamba, ndiye kuti kuposa K2 miliyoni mwezi uliwonse musanayambe n'komwe kubweza ngongole yeniyeniyo. Pamwamba pa izo nyumba yaikulu imadya tsiku ndi tsiku. Msonkho wa khonsolo umatsata mtengo wa nyumba, bwalo lalikulu limafuna wolisamalira, ndipo mpanda wautali umafuna mlonda. Kukanakhala kotheka, ndikanakonda kuti ya ku Matawale musaigulitse konse, muikemo munthu wa renti, pakuti mumzinda wa yunivesite, asilikali, apolisi ndi maofesi a boma ngati uno nyumba yabwino siikhalitsa yopanda munthu. Ngati zimenezi zikutanthauza kudikira zaka ziwiri kapena kugula nyumba yocheperapo kusiyana ndi imene mukuilota, ine ndingasankhe kudikirako.

Pali chinanso chimene sichilembedwa pa mapepala. Ku Matawale mwana wanu atadwala usiku uja iwe uli ku Lilongwe, anali mayi wa nyumba yoyandikana nanu amene anamva kulira kwa mpongozi wanga n'kudzutsa amuna awo kuti awatengere kuchipatala. M'madera a mapuloti aakulu nyumba zimatalikirana, aliyense ali kuseri kwa mpanda wake, ndipo ukhoza kukhala chaka osadziwa dzina la mnansi wako. Iwe umayendayenda ndi ntchito, amene adzatsale m'nyumbamo usiku ndi akazi ako ndi ana. Uwafunse mofatsa zimene akufuna, ndipo mawu awo alemere mofanana ndi ako, chifukwa nawonso thukuta lawo lili m'nyumba ya ku Matawaleyo. Dzina lawo lidzalembedwenso pa chikalata cha nyumba yatsopanoyo pamodzi ndi lako.

Mvula ikakhazikika, usankhe nyumba zitatu kapena zinayi zimene mwazikonda, upangane ndi eni ake tsiku Loweruka, ubwere udzanditenge m'mamawa. Ubweretse makwerero ndi tochi yowala bwino, ine ndidzatenga nyundo yanga yaing'ono ndi chingwe choyezera makoma. M'denga udzakwera ndiwe, ine ndizidzakuuza poyang'ana ndili pansi. Amayi ako akuti nawonso adzabwera kuti adzaone makhitchini, ndipo akupereka moni kwa nonse, makamaka kwa adzukulu awo.

Ndine,
Bambo ako