Tiuzeni malikisi, osati nambala yokha imene dziko lagwira

A Mkonzi,

Chaka chilichonse bungwe la Transparency International likatulutsa mndandanda wa mayiko pafupifupi 180 pa nkhani ya katangale, nyuzipepala zathu zimathamangira kulemba kuti Malawi wakwera kapena watsika. Tikakwera, aboma amadzitama pa wailesi. Tikatsika, omwewo amati azunguwo sakulidziwa dziko lino. Ndikupempha kuti muzitithandiza kumvetsa nkhaniyi, chifukwa nambala yokha imasocheretsa.

Onani izi. Mu 2023 Malawi anapeza malikisi 34 pa 100 ndipo anali pa nambala 115. Mu 2024 anapezanso 34 yomweyo koma anafika pa nambala 107. Kodi pamenepa tasintha chiyani? Palibe. Ena ndiwo anatsika n'kutisiyira malo. Zili ngati mwana amene wakhala nambala 5 m'kalasi chifukwa anzake adwala nthawi ya mayeso; kholo lanzeru limatsegula lipoti n'kuona malikisi a masamu lisanaphe nkhuku.

Chinanso, mndandandawu suwerenga ziphuphu zenizeni. Umasonkhanitsa maganizo a akatswiri ndi a anthu amalonda. Mayi amene wauzidwa kuti mankhwala atha m'chipatala, kenako n'kuwapeza pa golosale yapafupi, safunsidwa. Amene amafika khomo ndi khomo ndi a Afrobarometer, omwe kuno amagwira ntchito ndi Centre for Social Research ya ku Zomba. Iwo amamufunsa munthu m'chilankhulo chake ngati anaperekapo kangachepe kuti athandizidwe. Bwanji osaika zotsatira ziwirizi pa tsamba limodzi kuti tiziyerekeza tokha?

Oyezawo nawonso amalakwa. Mu 2021 World Bank inaleka kutulutsa lipoti lake la Doing Business, loyeza kuphweka kwa kuchita malonda m'mayiko osiyanasiyana, zitadziwika kuti manambala a mayiko ena, kuphatikizapo China ndi Saudi Arabia, anasinthidwa mosayenera.

Komatu sindikunena kuti tizinyoza miyezoyi. Ili ndi mano. Bungwe la boma la America la Millennium Challenge Corporation limayang'ana kaye momwe dziko likuchitira pa ulamuliro, makamaka polimbana ndi katangale, lisanapereke thandizo. Tikukumbuka kuti ndalama pafupifupi madola 350 miliyoni zochokera ku bungweli zokonzera magetsi zinaimitsidwa anthu ataphedwa pa zionetsero za pa 20 July 2011, ndipo zinatsegulidwanso mu 2012 Mayi Joyce Banda atalowa m'boma. Amene anavutika ndi kuchedwako si nduna ayi, koma wometa ndi wowotcherera amene amakhala tsiku lonse kudikira kuti magetsi ayake. Izi zimandiwawa kwambiri.

Kwa ine, muyezo umene umatikwana bwino ndi wa Mo Ibrahim Foundation, chifukwa umayerekeza mayiko 54 a mu Africa okhaokha, ndipo umagawa nkhaniyi panayi: chitetezo ndi kutsata malamulo, ufulu ndi kutenga nawo mbali, mwayi wa zachuma, komanso chitukuko cha anthu monga sukulu ndi zaumoyo. Pamenepo dziko likhoza kuoneka bwino pa makhoti, monga athu amene anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 pa 3 February 2020, koma n'kuoneka lofooka pa misewu ndi magetsi. Kutiyerekeza ndi Denmark sikutiphunzitsa zambiri. Kutiyerekeza ndi Zambia, Tanzania ndi Botswana ndiye kumatipatsa mafunso oti tikawafunse aphungu athu.

Lipoti lotsatira likatuluka, chonde mudzatilembere malikisi a zaka zisanu zapitazi, gawo ndi gawo, ndiponso mudzatiuze amene anafunsidwa.

Wowerenga wanu,
Zomba